Tikiti Yachiwiri ya ku Maldives

"Chosamo nsanza zako mu sutikesi iyo!" anakuwa Felistus atangolowa m'nyumba ya mayi ake kukomboni ya Mtendere.

Vera, mng'ono wake, sanacheuke n'komwe. Anapitiriza kupinda madiresi ake.

Mlongo wawo Kapembwa, yemwe amagwira ntchito kunja, anali atatumiza matikiti awiri a ndege opita kuhotela ya pachilumba ku Maldives. Imodzi inali ya mayi awo, amasiye amene anali asanakwerepo ndege, inayo ya wowaperekeza.

"Ba Felistus, mukakamba chani na bazungu kuja?" anafunsa Vera monyodola. "Chizungu chanu chinasilira mu giredi seveni."

Felistus anamuyandikira. "Pamene bamayo banagona mu chipatala myezi ibili, wenze kuti? Ine nenze kuchapa vovala vawo, iwe uli pa foni kujambula milomo!"

Anagwira sutikesi mbali ino, Vera mbali inayo. Anakokerana mpaka zipi inang'ambika, zovala n'kumwazika pasimenti.

Apo ndi pomwe mayi awo analowa, tsitsi lili loluka kumene. Anayang'ana pansi, kenako ana awo.

"Mwasiliza?" anafunsa mofatsa. "Iyo tikiti ili na mwine wake kale. Niyenda na ba Wilbroad."

"Ba Wilbroad bati?" anatero Felistus. "Baja bosoka nsapato pa maliketi?"

"Bamene abo. Pasipoti yawo banatenga pa Chisanu."

Mayiwo anadumpha zovala zija n'kulunjika kuchipinda kwawo. Ali pakhomo anacheuka.

"Imwe babili muzagona muno masabata abili, pa bedi imodzi. Nkhuku zanga zisafe na njala."