Batire Lachiwiri

Bauleni, dalaivala wa lole ya boma, anaimitsa galimoto pansi pa mthethe kufupi ndi mlatho wa Chiromo, koma injini sanaizimitse. Bwana wa magalasi akuda amene ankayenda naye anali atamulamula kuti alumikize batire lachiwiri ku alitaneta, lidzaze moto. Sananene kuti batirelo linali la ntchito yanji.

Dzuwa linali paliwombo. Kumbuyo, m'kati mwa tenti, mkaidi amene anamukweza m'mawa ataphimbidwa thumba kumutu anatsokomola. Bauleni chifuwa chimenecho ankachidziwa bwino: anali mlamu wake Elisha, mlongo wa mkazi wake.

Bwanayo anatenga mawaya awiri a timano kunsonga, nawagundanitsa. Moto unathetheka.

"Lidzadza nthawi yanji?" anafunsa.

"Kutenthaku kumachedwetsa, bwana."

"Munthu ali m'katimu waiwala mayina a anzake. Ndikufuna moto woti umukumbutse."

Atatero anatsetserekera kumtsinje akusuta fodya.

Bauleni anatsegula boneti ngati akufuna kuona madzi. Waya wochokera ku alitaneta unali pomwepo, woonda ngati udzu. Kungouzula, batirelo silikanalandiranso moto, ndipo palibe akanadziwa msanga. Thukuta linamulowa m'maso. Anautsina wayawo ndi zala, nayamba kukoka pang'onopang'ono.

Fungo la fodya linamufika asanamve mapazi.

"Adalaivala," bwanayo anatero mofatsa, pafupi ndi khutu lake. "Akazi anu aja, paja kwawo n'kuti?"