Chilembo T pa Foni ya Tetsuya

Mbama ya a Kuwabara inatera patsaya la mwana wawo Tetsuya, ndipo foni inagwera pansi pa tebulo.

"Zaka makumi atatu ndakhala ndikumasulira anthu ofuna ntchito zilembo zachinsinsi ngati zili pafoni yakozi, iwe osandifunsa?" anatero akumukoka kolala.

"Otsatsa ntchitoyo analemba kuti malipiro ndi tsiku lomwelo, bambo. Zinazo sindinazilabadire."

"Mutu wako ndi wosungira tsitsi basi? UD ndi wokatenga makhadi a kubanki kwa nkhalamba zonamizidwa. T, chilembo chimene akulembera iwe, ndi wothyola nyumba, kumanga mwini wake ndi kumumenya mpaka aulule pomwe amabisa ndalama. Uwakanire pompano."

Tetsuya, munthu wa ndevu zake amene ntchito ya kufakitale inamuthera chaka chatha, anapukuta magazi pamlomo.

"Ndawakanira kale m'mawa. Koma chithunzi cha laisensi yanga ndinawatumizira dzana, ndipo adiresi ya nyumba ino ili pomwepo."

A Kuwabara anamutaya kolala ija.

"Anakufunsanso chiyani?"

"Amene ndimakhala naye. Ndinati bambo anga okha, opuma pantchito."

Belu la pakhomo linalira.

"Odi, ndife oyendera mapaipi a gasi," anatero mawu aulemu kunjako.

A Kuwabara anasuzumira pazenera. Panali amuna awiri ovala zantchito zatsopano. Wina anabisa chitsulo kumbuyo, mnzakeyo akuwerenga malangizo pafoni.

Ntchito imene Tetsuya anaikana inali itapeza anthu ena.