Wowerenga Anthu M'basi

"Watsala Lovemore yekha," anatero Efulemu atawerenganso anthu m'basi.

A Chimwaza, mphunzitsi wawo wa zaulimi, analoza wotchi. Anali atachenjeza kale kuti wosapita nawo kukaona minda ku Nathenje asayembekezere malikisi.

Chimusankhireni kukhala repu, woimira kalasi yawo payunivesitepo, Efulemu anali asanasiyepo munthu. Foni ya Lovemore inkangoitana osayankhidwa. Anatsika osauza aliyense, n'kukwera njinga yamoto ulendo wa ku Mitundu, komwe mnzakeyo ankachita lendi.

Anam'peza akutsuka m'kamwa pakhonde.

"Iwe, basi ikunyamuka! Vala msanga!"

"Kodi si mawa?"

Wanjinga anakana kunyamula awiri, ati apolisi ali pamsewu. Efulemu anam'kankhira Lovemore pampando. "Tsogola. Ukawauze andidikire."

Linali tsiku la msika, njinga iliyonse itasenza matumba. Anathamanga, anayenda, anathamanganso. Pofika pasukulu thukuta lili kamukamu, anangopeza madontho a oyilo pomwe panaima basi paja.

Anaimbira Idesi, mtsikana wa m'kalasi mwawo.

"Mwandisiya bwanji? Lovemore sananene?"

"Iii, a repu! Simuli kumbuyoku?" Nyimbo za m'basi zinkamveka pafonipo. "Lovemore wangokwera n'kuyamba kusinza. A Chimwaza anafunsa kuti, 'Repu, alipo watsala?' Ndiye inu mumadziwa, akasowa munthu simukhala chete. Titamva kuti kuli zii, tonse tinangoti takwana."