Mapazi a Nangozo

Chibwerere lamulo la nsalu, amayi a m'mudzi mwa Kapalasa amavala chitenje chotembenuza akamajambulidwa. Maluwa a pansalu ali ndi mwini wake, kampani ina ya kutali, ndipo makina osunga makanema amafufuta paliponse pamene awaona.

A Likongwe anali ndi kanema mmodzi yekha wa malemu akazi awo, Nangozo, wa pa chinkhoswe cha mwana wawo. Tsiku limenelo amayi onse anavala nsalu yofanana, ndi duku lomwe. Lachiwiri masana a Likongwe atatsegula foni, anapeza amayi onsewo asanduka utsi wotuwa, kuyambira kumutu mpaka m'akakolo.

Anaimbira kampaniyo, ndipo anayankha ndi makina. "Pepani agogo, nsaluyo ndi yathu."

"Nsaluyo tengani! Nanga nkhope ya mkazi wanga ndi yanunso?"

"Pepani agogo, nsaluyo ndi yathu."

Mlamu wawo Esinati, pochokera kudimba, anawapeza pakhonde atangoti maso tong'o pafoni. "Alamu, ingozimitsani. Mukuonamo chiyani mu utsimo?"

"Mapazi anawaiwala," anatero a Likongwe.

Esinati anapukusa mutu n'kumapita.

Pansi pa utsi uja mapazi ambirimbiri ankavina m'fumbi. A Likongwe anawatsata ndi chala mpaka anapeza awiri a zidendene zong'aluka, amene moyo wawo wonse ankatsalira pang'ono m'mbuyo mwa ng'oma.

"Mwachedwanso, Nangozo," ananong'ona, n'kubwezeranso kanemayo poyambira.