Galimoto ya Nambala za ku Zambia

Veronica anabisala kuseri kwa thiraki ya feteleza pa boda ya Mchinji, maso ali tcheru kumsewu wochokera ku Chipata. Dzuwa linali paliwombo. Osintha ndalama anali atatopa kumuitana. Kusukulu kumene ankaphunzitsa anali atanama kuti dzino lamuvuta.

Ankadikira mwamuna wake, Pius.

Pius anali wa ku Zambia. Anabwera ku Mchinji kudzagula soya ndi mtedza, ali pa galimoto yoyera ya nambala za kwawo. Awiriwa anakumana pamsika wa paboma, ndipo chaka chisanathe anakamanga ukwati kwa DC. Kenako Pius analandira chilolezo chokhazikika m'Malawi muno. Tsiku limenelo Veronica anapha nkhuku, mumtima akuti tsopano mwamuna wamera mizu.

Koma galimoto inakana kukhazikika. Galimoto yakunja imalowa ngati mlendo, pa chilolezo cha kanthawi. Mwini wake akakhazikika kuno, ayenera kuilipirira msonkho n'kuiveka nambala za kuno. Pius sankafuna kumva zimenezo.

"Msonkho umenewo ndi wogulira galimoto ina," ankatero. "Pali njira yake. Zisiyire ine."

Njirayo inali yoti mwezi uliwonse ankaitulutsa, kukagona ku Chipata, n'kubwera nayo mawa lake ndi chilolezo chatsopano. Veronica ankamusitira malaya a ulendowo popanda funso, mpaka tsiku limene Tawonga, mphunzitsi mnzake, anamukokera pansi pa mtengo wa mango.

"Iwe, chilolezo chimenecho amapatsa alendo okhaokha. Amuna ako si mlendonso. Ndiye amawalowetsera ndani?" Tawonga anayang'ana uku ndi uku. "Mwezi watha ndinaiona pa boda ndi maso angawa. Amayendetsa ndi mzimayi."

Mawu oti kuyendetsawo ndi amene anamulasa. Veronica anali ndi layisensi yakeyake, koma Pius anali asanamulolepo kugwira chiwongolero, ngakhale kungoisuntha pabwalo. Ati magiya ake ndi ovuta. Lero magiya omwewo afewera wina!

Kuyambira pamenepo nsanje inamudya ngati chiswe. Ankanunkhiza mipando. Ankayang'ana ngati mpando wa dalaivala wasendezedwa kutsogolo. Ali m'kalasi, choko chili m'manja, ankamuona mkaziyo m'maganizo: kamtsikana ka ku Chipata, koyera ndi mafuta ogula, wigi mpaka m'chiuno, zikhadabo zofiira zili pachiwongolero. Kanamunyengerera Pius mpaka kulembetsa dzina lake pa galimoto ya banja la eni. Kakaloza ukwati, kaloza ndi galimoto yomwe.

Lero kaona.

Galimoto yoyera ija inatulukira pakati pa mathiraki, n'kuima pafupi ndi ofesi. Tawonga sananame. Chitseko cha dalaivala chinatseguka, ndipo munatuluka mzimayi.

Koma sanali kamtsikana. Anali mayi wathupi, wamagalasi, wovala chitenje ndi duku, wamkulu kuposa Veronica. Anatenga mapepala m'chikwama n'kulowa muofesi mosafunsa njira, ngati munthu wozolowera. Veronica anamva manyazi osakanikirana ndi ukali. Ameneyu? Pius n'kusiya iye, mkazi wa zaka zake zabwinobwino, chifukwa cha ameneyu? Ndiye kuti ndi ndalama basi, kapena mankhwala.

Pius anatsala pampando wakumanzere, galasi lili lotsitsa, akukukuta chimanga chootcha mwamtendere. Malaya anali omwe aja anamusitira dzulo.

Veronica anatuluka kuseri kwa thiraki. Sanathamange. Anafika n'kutsamira pazenera.

"Chikukoma?"

Chimanga chinagwera pamiyendo. Nkhope ya Pius inatuwa.

"Vero! Ukutani kuno? Ana asukulu wawasiyira ndani?"

"Ndabwera kudzaona magiya ovuta aja."

"Tamvera, pita kunyumba. Chonde. Ndikufotokozera zonse ndikafika." Maso ake sanali pa iye, anali pakhomo la ofesi. "Kwera kabaza pompano, ndakupempha."

"Sindisuntha. Ndikufuna andiuze yekha kuti mwamuna wa mwini amakoma bwanji."

Amayi ogulitsa nthochi anali atasiya kuitanira malonda. Dalaivala wa thiraki anatsitsa wailesi. Veronica anamanga chitenje chake mwamphamvu m'chiuno. Mawu onse anali atawakonza kale, ena a m'Baibulo, ena osayenera kutuluka pakamwa pa mphunzitsi.

Mayi uja anatuluka muofesi, chilolezo chatsopano chili m'manja. Ataona Veronica anaima, n'kukonza magalasi. Veronica anakoka mpweya kuti ayambe. Koma nkhope ya mayiyo inawala, ndipo anabwera manja ali tambasu.

"Mayo ine, ndakudziwani! Chithunzi chanu chili mufoni mwawo. Ndine Esnart." Anamukumbatira Veronica mwamphamvu, kenako anabwerera pang'ono n'kumuyang'ana kumapazi. "Koma Mulungu ngwamkulu, mukuyenda nokha! Miyendo ija yapola?"

Veronica anacheukira kugalimoto. Pius anali atagwira kumutu.

"Musachite manyazi, alamu," anatero Esnart akumusisita paphewa. "Amuna angawa anandiuza zonse, kuti mchemwali wawo wa ku Mchinji ndi wodwala ndipo alibe womuyang'anira. N'chifukwa chake ndinawabwereka galimoto yangayi. Ana athu kunyumba sakuleka kufunsa kuti azakhali adzawaona liti."