Khoma la Gwendoline

Lenifa anakwera masitepe m'malo mwa chikepe, Mable ali kumsana, kuopa kukumana ndi munthu. Mawu anali atawakonzeratu: Anti, sindidzabweranso kuno. Anawayeserera kawiri chamumtima asanagogode.

M'nyumba yosanja yonseyo ku Silver Spring, anti Gwendoline okha ndiwo ankamva Chichewa. Greyson, mwamuna wa Lenifa, ankalawirira kukakwera sitima yopita kuntchito, n'kubwera madzulo atatopa, pakamwa patauma. Miyezi isanu ndi itatu chifikireni ku Amereka, Lenifa ankangocheza ndi khanda losayankha. Mable akatentha thupi, ankathamangira kwa anti. Chipale chofewa chitagwa koyamba, anti ndiwo anamugwira dzanja kumuphunzitsa kupondapo.

Koma Lamulungu lapitalo, apongozi ake, mayi Felistas a ku Wheaton, amene ankatsogolera amayi kutchalitchi, anamuitanira pambali. Wina anali atamuona akutuluka pakhomo pa anti. Mosakweza mawu, anamuuza kuti asankhe chimodzi: banja limene anakwatiwako, kapena mkazi uja.

Nkhani ya mkazi uja inalibe Mmalawi wosaidziwa. Mu 1974, nthawi imene kumudzi mkazi ankalowa m'mavuto chifukwa chovala buluku, Gwendoline anaoneka pa wailesi yakanema atavala kabudula. Unali mpikisano wa siteshoni ina yaing'ono ya m'deralo: kukwawa m'mapaipi, kulendewera pachingwe pamwamba pa dziwe la matope, pomaliza kukwera khoma lalitali. Panalibe mkazi amene anali atalikwerapo khomalo. Iye analikwera, dzina lake n'kuoneka pagalasi m'zilembo zikuluzikulu. Sabata isanathe, nkhani inali itafika kumudzi. Amene anamutumiza kudzaphunzira anamutaya, abale analeka kumulembera makalata, ndipo Amalawi anzake akamuona m'sitolo ankakhotera ku mashelefu ena. Zaka khumi ndi ziwiri zinali zitadutsa. Ku Malawi sanapondekonso.

Anti anatsegula chitseko, anamasula Mable kumsana kwa amake, n'kutereka madzi a tiyi. M'chipindamo munali mpando umodzi wabwino, ndipo monga mwa masiku onse anaupereka kwa mlendo. Wailesi yakanema inali yoyatsa koma yopanda mawu. Patebulo panali kalata yotsegula.

Anti anauza Lenifa kuti aiwerenge. Inali yochokera ku siteshoni ija. Mpikisano unali kutha chaka chimenecho, choncho ankaitana onse amene anapikisanapo kale kuti Loweruka akaonekere komaliza. Kalatayo inkati khoma lija kwa zaka zonsezi akhala akulitcha Khoma la Gwendoline, ndipo akazi makumi anayi amene analikwera pambuyo pake akufuna kudzawagwira chanza. Sabata yonseyo siteshoni inkaonetsa zithunzi zakale. Ngakhale pa nthawiyo, pagalasi panali mkazi wovala chipewa cholimba, nkhope ili matope okhaokha, akuthamangira khoma.

Lenifa anayang'ana mkazi wa pagalasiyo, kenako anayang'ana anti, amene anali kuuzira tiyi m'supuni kuti amwetse Mable. Mawu amene anabwera nawo aja anayamba wawasiya kaye. M'malo mwake anawapempha kuti apite. Anati kumeneko mwina anthu akawaombera m'manja, m'malo mowathawa.

Anti anapukusa mutu. Anati sangapite, ndipo siteshoni yaimba foni katatu, iwo osayankha.

Lenifa anaona ngati wamvetsa. Manyazi a zaka khumi ndi ziwiri sangathe ndi kalata imodzi. Munthu amene anataya kwawo chifukwa cha khoma angafunenso kuliona? Anawamvera chisoni, ndipo chisonicho chinamuwonjezera mantha, chifukwa anadziona yekha atakalamba m'chipinda chonga chimenechi, mpando wabwino uli umodzi, foni ikulira popanda woiyankha. Akapitiriza kubwera kuno, amayi akutchalitchi adzayambanso kumukhotera iyeyo. Nanga Mable adzasewera ndi ana a ndani?

Anaika kapu pansi. Akuyang'ana m'miyendo mwake, ananena zonse: za Lamulungu, za apongozi, zoti lero n'komaliza.

Anti sanakwiye. Anapukuta Mable pakamwa ndi nsonga ya chitenje.

"Felistas wanena choncho?" anafunsa.

Lenifa anadabwa kumva dzina la apongozi ake likutchulidwa lokha chonchi, ngati la mtsikana. Anavomera ndi mutu.

"Mvera apongozi ako, mwanawe. Kukhala wekha kuno n'kowawa, ine ndikudziwa." Anamubwezera mwana. "Koma usapite uli ndi maganizo oti ndikukana chifukwa cha manyazi. Akufuna kuti Loweruka ndikawaonetse atsikanawo mmene ndinakwerera. Ndikawaonetsa chiyani? Ine chibadwire sindinakwerepo ngakhale mtengo wa mango."

"Nanga uyu ndani, anti?" Lenifa analoza pagalasi.

"Mnzanga. Tinapita awiri tsiku limenelo, ine kukangomusungira chikwama. Pofika polembetsa anachita mantha: mwamuna pantchito yapamwamba, mwana ali pasukulu. Ine ndinali ndekhandekha, ndinati nditaya chiyani? Ndinamuuza kuti alembe dzina langa." Anti anasendera pafupi ndi galasi. "Tayang'anitsitsa mmene akuponyera mwendowo. Ndi apongozi ako amenewo."

Pagalasi, mayi Felistas anali atakhala pamwamba pa khoma, manja onse awiri m'mwamba, akuseka.