Chipsera cha pa pulopela ya Clarrie

Panali munthu wina, mlimi wa nkhosa kufupi ndi tauni ya Hay, dzina lake Lachlan, ndipo amene amamudziwa akuti izi zinachitikadi. Bambo ake, malemu Clarrie, anasiya kandege kakale m'shedi. Pulopela yake, chija chimazungulira kumphuno kwa ndege, inali yamatabwa. Mayi ake, a Beryl, anali atayamba kuiwala, adzukulu omwe osawazindikira, koma ndege ya amuna awo ankaikumbuka. Lachlan anawalonjeza kuti adzawakweza ndegeyo mutu usanatheretu.

Anaimbira foni Noeline, mayi amene amayeza mapulopela ndi kusainira kuti ndege iuluke.

"Pulopelayo usaikhudze," anatero Noeline. "Ndidzaipeze ndi fumbi lake lomwe."

Koma Lachlan anali ndi manyazi opanda pake, aja osesa m'nyumba dokotala asanafike. Pulopelayo inali yakuda, ya timing'alu, ndi chipsera kunsonga. Anaipala ndi sandipepala, timing'alu n'kumata ndi guluu wosakaniza ndi utuchi, kenako vanishi mbee.

Noeline atafika anaima kukamwa yasa.

"Yokongolayi ndi ya ndani?"

"Yomwe ija. Ndangoisambitsa pang'ono."

Noeline anatulutsa kandalama kachitsulo n'kuyamba kugogoda thabwalo, khutu ali pafupi. Apa kulira bwino, apa kulira ngati dzungu. Anabwereza, n'kupukusa mutu.

"Ndiye yafa?" anafunsa Lachlan.

"Sindikudziwa."

"Ndiye ili bwino?"

"Sindikudziwanso. Mng'alu wa vanishi chabe sulepheretsa ndege, koma wolowa m'thabwa umapha munthu. Ukanapanda kumata ndi kupaka, ndikanausiyanitsa ndi maso. Pano chikulirachi kaya ndi guluu wako, kaya ndi matabwa amatuka mkati. Sindisaina, mayi ako si nkhosa."

Lachlan mutu unaima. Anazungulira ndegeyo osadziwa kuti walakwitsa pati, poti iye ankati akuthandiza. Pulopela ina anaitanitsa, koma osema anati adikire miyezi.

Poti awatonthoze, anatenga mayi ake kuti akangokhalamo, ndege ili pansi. A Beryl anapita molunjika kumphuno n'kuyamba kusisita nsonga ya pulopela ndi chala. Ankafuna chipsera chija. Clarrie anachipanga pogunda geti ndi ndegeyo tsiku limene anabwera kudzawafunsira, ndipo nkhaniyi Lachlan anaimva kambirimbiri ali mwana, koma popala sinamubwerere.

A Beryl anasisita nsonga ina, osachipezanso.

"Iyi si ya Clarrie," anatero. "Bambo inu, ndege ya amuna anga mwaipititsa kuti?"

"Ndi yomweyi, Amayi. Ndine Lachlan."

A Beryl anamuyang'ana nthawi yaitali, mwaulemu, ngati mlendo, kenako anapempha kuti awaperekeze kunyumba. Za ndege sanazitchulenso.

Phunziro: Wodziwa ntchito akati usakhudze, manja anu akhale m'thumba. Chinthu chowonongeka chionetseni mmene chilili, chifukwa mukabisa chilema mumabisira amene akanakuthandizani. Tumizirani ena, makamaka aja okonda kukonza asanafunse.